Tambala, Belu ndi Masiku Wamba



Akuru okonza cikondwerero ici anadza kwathu mwezi wathawu, nati, Mukanene mau pa tsiku la Yubile, popeza inu mwakhalitsa pano, ndipo mwaona zambiri. Ndinabvomera msanga, monga icita nkhalamba ikatamandidwa. Koma nditakhala pakhonde madzulo ace, ndi kuyesa kuwerenga zambirizo, ndinapeza kuti zazikuru zimene ndinaziona ndi maso anga nzowerengeka, sizikwana ndi zala za manja awiri zomwe. Zotsala zonse ndiwo masiku wamba, kuca ndi kuda, kuca ndi kuda, ofanana ngati maso a cimanga m'licero. Cifukwa cace mbiri ya oyamba aja, ndi ya nyumba zimene anamanga, ndaisiyira anzanga amene aidziwa bwino koposa ine. Ine ndinena za masiku wamba, pakuti ndiwo amene atha moyo wa munthu, ndipo palibe awakonzera phwando.

Tiyambe ndi tsiku limodzi, monga analigawa makolo athu asanaone wochi. Tsiku lao silinayamba pakati pa usiku, monga litero tsiku la pa kalendala, limene libadwa anthu onse ali m'tulo, popanda mboni. Lao linayamba ndi tambala woyamba. Munthu wa ulendo wautali ananyamuka pomwepo, kuti adye mtunda kusanatenthe. Tambala waciwiri anadzutsa akazi, ndipo posacedwa mtondo unayamba kulira kuseri kwa nyumba, wina nuyankha kutsidya kwa dambo, nthanda iri pamwamba pa mitengo kum'mawa. Pamenepo panadza m'bandakuca, amuna naturuka ndi makasu pa phewa, nasansa mame m'njira. Dzuwa likafika paliombo, mthunzi wa munthu nubisala pansi pa mapazi ace, anaweruka kumunda. Likapendeka, asungwana anamka kumadzi, anyamata nayamba kukusa mbuzi. Nkhuku zikayamba kulowa, ali yense anadziwa kuti mlendo amene sanafike agona panjira. Ndipo panali kanthawi kaja kokoma dzina, cisisira, pamene uona munthu alinkudza, koma nkhope yace suizindikira kufikira atalankhula.

Anthu awiri akapangana za mawa, sanachula nambala. Wina anakweza dzanja, naloza thambo, nati, Tikomane dzuwa liri apa, ndipo anakomana. Tsono taonani cinthu cimodzi: nthawi zonsezi ziri ndi eni ace. Iyi nja tambala, iyo nja mtondo, inayo nja mbuzi. Ora la pa wochi liri ngati mtsuko watsopano wa pamsika, wofanana ndi unzace, wodikira kuti mwini athiremo cimene afuna, kapena ausiye wopanda kanthu. Koma nthawi ya makolo inadza ndi nchito yace iri kale m'kati.

Pamwamba pa tsiku panali mwezi. Cinenero cathu ciri ndi liu limodzi la cija ciwala usiku ndi la masiku amene tilandirira malipiro, ndipo sicinasokonezeka, pakuti kale zinali cinthu cimodzi. Mwezi ukaoneka kumadzulo, woonda ngati cikhadabo, ana anapfuula. Ukakhwima, bwalo linadzala masewera ndi ng'oma. Ukamka mumdima, anthu anagona msanga. Kucokera mdima kufikira mdima unzace ndiwo masiku 29 ndi theka, ndipo ndico cifukwa cace mwezi wa kumwamba sugwirizana ndi miyezi ya pa kalendala, ya masiku 30 ndi 31. Mai woyembekezera anawerenga miyezi yace poyang'ana kumwamba. Mwamuna womka ulendo anasiyira mkazi wace cingwe ca mfundo, kuti amasule imodzi m'mawa uli wonse, ndipo zikatsala zowerengeka abviike cimera.

Caka naco cinali ndi zizindikiro zace, zimene sizinalembedwa m'buku, koma mwana ali yense anaziwerenga. Malimwe akafika pakati, mitengo ya m'thengo iphuka masamba ofiira mvula isanagwe ndi dontho lomwe. Nyenje zilira kufikira makutu kuwawa. Moto wa lupsa uyenda m'mapiri usiku. Masuku ayamba kupsa. Pamenepo igwa mvula ija ya cizimalupsa, imene inyenga wopupuluma kuti abzale, mbeu nizipsera m'nthaka. Wanzeru adikira mvula yeniyeni, imene iturutsa inswa pa culu, ndi pfungo lija la dothi, limene munthu wobadwira kuno sangaliiwale, angakhale akhale zaka 30 ku dziko la eni. Potero kubzala, kupalira, kubandira. Potero Febuluwale, mwezi wa nkhokwe yopanda kanthu, pamene amai ayesa ufa ndi maso asanauyese ndi cipande. Potero dowe ndi maungu. Masika, pamene ndi galu yemwe anenepa. Mwera ndi cisanu ca Juni ndi Julayi. Ndipo kusosa, ndiko kuyambanso.

Koma zaka zokha sanaziwerenga ndi nambala; anazipatsa maina, monga ana. Inu akatekisti mudziwa bvuto lace, pamene mukhala ndi kaundula pa maondo ndi kufunsa gogo caka cace cobadwa. Mmodzi ati, Ndinabadwa caka ca dzombe. Wina ati, Amai anali atandibereka kumbuyo pothawa Napolo. Amene anatitsogolera pa nchitoyi anamva za caka ca fuluwenza, ndico kumapeto kwa 1918 ndi kuciyambi kwa 1919, pamene okumba manda anatopa; anamva za 1946, caka cimene sitima ya Vipya inamira m'nyanja ndi anthu 145, Napolo naturuka m'phiri la Zomba mwezi wa Disembala; anamvanso za njala ya 1949. Ine ndinafunsa mai wina tsiku lina, ndipo anati, Mwanayu anabadwa caka ca njala. Ndinati, Njala iti? Pakuti pofika masiku athu zinali zitacuruka, ndipo ya 2002 inali italanda dzina la inzace ya 1949 m'mitima ya ambiri. Ana obadwa mu 2023 ku Blantyre, ku Mulanje ndi ku Phalombe adzakhala a caka ca Freddy masiku onse a moyo wao, ingakhale kalata ya cipatala inena tsiku ndi ora lomwe. Cindidabwitsa ndi ici, kuti zaka zokhala ndi maina nza tsoka pafupi zonse. Caka cimene mvula inagwa bwino, ana nakula, osafa munthu m'mudzi koma nkhalamba yokhuta masiku, cimeneco ciribe dzina, cinapita osatsazika. Ndipo zaka zotere ndizo zinatilera.

Tsono kunadza belu. Sabata ya masiku 7, monga tiiwerenga lero, inadza ndi amisyoni, ndi Boma, ndi eni minda ya khofi, fodya ndi tiyi. Ndipo mbiri yace iri m'maina a masikuwo, munthu akawachera khutu. Lolemba ndilo tsiku limene kapitao analemba anthu a nchito. Laciwiri, Lacitatu, Lacinai, Lacisanu: kodi tiwerenga ciani pamenepo? Tiwerenga masiku a nchito, kuyambira pa kulembedwa kuja. Loweruka ndilo lakuweruka. Lotsalalo ndi Lamulungu, ndipo popeza anthu anawerenga masabata ndi tsiku limeneli, sabata yonse ena aichula mulungu, nati, Ndidzabwera mulungu wamawa. Agogo athu ku minda ya ku Thyolo ndi ku Mulanje anali ndi tikiti, imene kapitao anaicongapo tsiku ndi tsiku, ndipo mwezi wao unatha pamene tikiti yadzala, ungakhale mwezi wa kumwamba uli pati. Apo ndipo munthu wa kuno anayamba kuphunzira kuti tsiku ligulitsidwa. Ena anamka nalo phunzirolo ku Harare ndi ku migodi ya Johannesburg, pansi pa nthaka, kumene kulibe tambala kapena dzuwa, koma lipenga la kampani. Ena anabwerako ndi wochi ndi jekete, ena sanabwera, ndiwo macona.

Ndiseka ndekha ndikakumbuka kuti m'caka ca 1971, dziko lino posiya mapaundi ndi masheleni, ndalama zatsopano tinazipatsa maina a m'bandakuca, kwaca ndi tambala. Tambala amene anadzutsa agogo athu kwaulere tinamuika m'thumba, ndipo lero sagula ndi singano yomwe.

Sindinyoza belu, iai. Kumidzi kumene kunalibe belu anapacika citsulo ca njanji kapena mkombero wa galimoto pa mtengo, ena naomba ng'oma. Ndipo citsuloco cinasonkhanitsa ana a midzi isanu m'sukulu imodzi pa nthawi imodzi, cimene tambala sakadakhoza, pakuti tambala ali yense alira pa bwalo lace. Wochi inaphunzitsa wodwala kumwa mankhwala pa nthawi yace, ndipo ambiri tiri moyo lero cifukwa ca ico. Koma ndiulule colakwa canga, kuti acinyamata asacibwereze.

Caka coyamba ca nchito yanga, ndiri mnyamata, ananditumiza ku mudzi wina wa kutsidya kwa mtsinje, ndipo ndinali nditagula wochi ya pamkono ndi malipiro anga oyamba. Ndinaiyang'ana kawiri-kawiri koposa m'mene ndinayang'anira nkhope za anthu. Ndinalalika kuti kalasi ya akuru idzayamba 8 koloko Lacitatu, ndi kuti wocedwa adzapeza citseko cotseka. Usiku wa Laciwiri kunagwa mvula yoyamba yeniyeni. M'mawa ndinaomba citsulo, ndinadikira, ndinaombanso ndi mkwiyo kufikira dzanja linacita dzanzi. Amene anadza ndi nkhalamba imodzi yakhungu ndi agalu awiri. Lamulungu ndinawadzudzula onse poyera, ndi mau amene ndicita nao manyazi kufikira lero. Ndinati, Anthu a mudzi uno sadziwa nthawi. Palibe anandiyankha. Koma poturuka, mai wina wacikulire, amene anali kundipatsa ndiwo masiku onse, anandiitanira pambali, nati, Aphunzitsi, kodi inu munda wanu mwabzala? Ndinati, Iai amai, ndibzala Loweruka ndikapeza mpata. Iwo anati, Cabwino. Ndipo sananenanso kanthu. Pofika Loweruka nthaka inali itauma pamwamba. Mvula inakhala masabata awiri osabweranso. Cimanga canga cinamera ca apa ndi apo ngati mano a nkhalamba. Ndipo mwezi wa Febuluwale ndinadya nsima ya mai yemweyo.

Wosadziwa nthawi ndinali ine. Katekisti aima pakati pa mawochi awiri, ya pamkono ndi ya m'munda, ndipo nchito yace njakuti adziwe zonse ziwiri. Asaike msonkhano pa tsiku limene mudzi wonse uli kubzala kapena kuika maliro, ndi kuyesa anthu ouma mtima pamene iwo alikutsata lamulo limene linawasunga ndi moyo iye asanabadwe.

Koma inu a mpingo musakondwere msanga ndi mauwa. Alipo ena amene afika mapemphero ali pakati, tsiku louma la Julayi, popanda cobzala kapena copalira, nati, Ife ndife anthu a dzuwa, wochi nja Azungu. Kumeneko ndi kunamizira makolo. Iwo anali aukali pa nthawi koposa belu liri lonse. Mlimi wocedwa masiku atatu anagona ndi njala caka cathunthu. Msodzi wocedwa kukankha bwato anakomana ndi mwera pakati pa nyanja. Woumba mbiya wocedwa kuziphula pamoto anapeza mapale. Belu likhululukira wocedwa, pakuti liranso mawa. Mvula yoyamba siitero.

Tsopano ndinene za kupita kwa zinthu, pakuti tsiku longa lino liyesa munthu kuti aganize kuti cimene cakhala cidzakhalabe. Mbiri ya mamisyoni a dziko lino iyamba ndi mabwinja. Bishopu Charles Mackenzie ndi anzace anamanga pa Magomero mu 1861. Pakutha kwa Januwale wa 1862 iye anali atamwalira ndi malungo, ndipo patapita miyezi yowerengeka otsalawo anacokapo, natsikira ku cigwa ca Shire. A Livingstonia anafika pa Cape Maclear mu 1875 ndi sitima yao Ilala, imene anthu mazana anaisenza zidutswa-zidutswa kulambalala mathithi a Shire. Anamanga nyumba ndi sukulu, nayesa kuti afika. Koma mu 1881 anasamukira ku Bandawe, nasiya manda a anzao patsinde pa phiri, ndipo mu 1894 anakweranso ku Khondowe. Ansembe a White Fathers anakhala kwa Mponda kuyambira 1889 kufikira 1891, nacoka, nabweranso m'dziko muno mu 1902 kudzayambira pena. Ndiyesa kuti onsewa, poimika mzati woyamba, anati mumtima, Pano mpokhazikika.

Ndi nyanja yomwe, imene tiyesa kuti ndiyo yosasinthika pa zonse za m'dziko lathu, iri ndi kupuma kwace. Mu 1915 madzi ace anatsika kotero kuti Shire analeka kuturuka m'nyanja, mcenga ndi bango nizitseka pakamwa pace, ndipo zinakhala comweco zaka ngati 20. Mu 1980 inakwera, nimiza nyumba ndi minda ya m'gombe. Mu 2024 inateronso, anthu amene anamanga pa mcenga wa agogo ao napeza mafunde pakhomo. Nyanja ya Chilwa inaphwa mu 1968, mu 1995 ndi mu 2018, anthu nayenda pouma pamene anali kuponya ukonde. Ndipo madzi atabwera, matemba anabweranso.

Makolo athu anacidziwa ici, ndipo sanalimbana naco. Nyumba yao inali ya mitengo, dothi ndi udzu, yofuna kuzira kawiri-kawiri ndi kufolera dzinja lisanadze. Nthaka ikatopa, kapena imfa zikacuruka, mudzi unasamuka, pambuyo nipatsala bwinja, pomera nsatsi ndi bonongwe. Munthu wamkuru akamwalira, m'midzi yambiri ya Acewa anagwetsa nyumba yace atatha maliro. Koma dzina lace sanalitaya, analipatsa mphwace kapena mwana wa mlongo wace, nalowa dzina. Cifukwa cace maina onga Kalonga, Undi ndi Lundu, amene Apwitikizi anawalemba m'makalata ao zaka mazana zapitazo, akali ndi eni ace kufikira lero, pamene pa nyumba za mafumu oyambawo sipanatsala ndi mzati umodzi womwe. Ife tinatembenuza mwambowo. Timanga ciliza ca simenti, dzina tilemba pa mwala, ndipo pofika mdzukulu-tubzi palibe adziwa kuti mwini dzinalo anali kuseka bwanji, kapena anali kukonda ndiwo zanji. Sindiletsa ziliza, ndinamangira amai anga cao. Ndingoti mwala usunga zilembo zokha.

Yang'anani chalichi cathu ici. Alendo atama njerwa zace, ndipo ziyenera kutamidwa. Koma ine ndakhala pano nthawi yokwanira kuona kuti m'nyumbayi mulibe cinthu cimene sicinagwiridwe kawiri: malata asinthidwa, mapaso ena adyedwa ndi ciswe nacotsedwa, makoma apakidwa njereza kosawerengeka, mileme yapitikitsidwa m'denga nibweranso, nipitikitsidwanso. Munaona nonse cimene cicitika ndi nyumba ya sukulu ya kumudzi ikasiyidwa madzinja awiri okha: lata limodzi limasuka, mvula ilowa, khoma licita mng'alu, mbuzi nizipeza khola. Njerwa ingocedwetsa kugwa. Nyumba iima cifukwa pali wina asesa, wina aphera ciswe, wina akwera kukakhoma msomali mphepo isanadze. Loweruka liri lonse akazi a mpingo uno adza ndi matsace ao. Werengani nokha: caka ciri ndi masabata 52, ndipo pa zaka 50 ziri zonse ndiko kusesa 2,600. Maina ao sali pa mwala wa pakhomo paja. Ambiri a iwo sindingathe kuwachula ndi ine ndemwe, ngakhale ndinayenda pa bwalo limene anasesa.

Ndipo okhalamo asintha koposa malata. Ndikaima pano ndi kuyang'ana mipando iyi, ndiona mpingo wodzala monga unali masiku aja ndinafika, ndipo mlendo angati ndi womwewo. Koma ine ndidziwa kuti pafupi ndi zenera lija panali kukhala bambo wina wotsokomola, amene anayamba nyimbo iri yonse anzace asanakonzeke. Ndidziwa amene anali kukhala pakhomo kuti aingitse agalu. Ndipo amene mukhala m'malo mwao lero ena ndinakunyamulani m'manja. Palibe tsiku limene ndinganene kuti, Lero mpingo wakale watha, watsopano wayamba. Anacoka mmodzi-mmodzi, monga udzu usololoka pa denga, wina nalowa mmodzi-mmodzi. Ukalamba nao unandidzera comweco. Sindidziwa Lolemba limene unafika.

Mapepala nao apita. Kaundula wina wa kumudzi, wa maina a zaka zambiri, tinamsunga m'bokosi kuti asaonongeke, ndipo bokosilo silinatsegulidwa madzinja atatu. Potsegula tinapeza dothi la ciswe ndi cikuto cokha. Mabuku amene anali kutsegulidwa sabata ndi sabata, akuda ndi thukuta la m'manja, ali bwino kufikira lero. Ndipo mudziwa m'mene tinabwezera mainawo? Tinaitana nchembere zinai, tinazikhazika pa mphasa, ndipo zinayamba: Uje analowa pamodzi ndi uje, caka cija mlatho unakokoloka, uje anatsata, mwana wace woyamba ali kumbuyo. Masiku awiri anakwana kubweza pafupi onse. Kuwerenga kuja kwa makolo, kumene ndinakuyesa kwa anthu osaphunzira, ndiko kunaombola buku la ophunzira.

Liu ili la Yubile licokera m'buku la Levitiko, mutu 25, kumene Aisrayeli analamulidwa kuti caka ca 50 ciri conse alize lipenga, minda igonere, wogula munda aubweze kwa eni ace oyamba, ndi m'bale wogulitsidwa ukapolo amasuke. Sicinali caka cakuwerenga zimene munthu wakundika. Cinali cakumkumbutsa kuti anazibwereka.

Masiku ano zizindikiro zina zirinkutha. Mtondo wa m'bandakuca umveka pang'ono, cigayo cinaulanda nchito. Ndipo sindiulira, pakuti ndikumbukira zikhato za amai anga ndi msana wao. Magetsi afafaniza cisisira m'matauni. Foni iuza mwana ora ndi mphindi yomwe, koma mfunseni kumene ituruka nthanda, kapena akulozereni Nsangwe ndi Akamwini-atsatana, adzakuyang'anani ngati mwalankhula cinenero ca kutali. Izi nzopirika. Cimene cindiopsa ine ndi mvula, imene zaka zino idza mocedwa, kapena idza ndi ukali, kapena ileka cimanga ciri m'maondo, kotero kuti nkhalamba zimene sizinaphonya kubzala moyo wao wonse tsopano zifunsa wailesi. Ndipo mitengo ija ya masamba ofiira, imene inali kutiuza kuti malimwe afika pakati, yambiri yapita ku makala.

Cifukwa cace ndiri ndi pempho limodzi kwa inu akatekisti ndi aphunzitsi. Mukabwerera kwanu, ali yense agule kope, akhale pansi ndi nkhalamba ziwiri kapena zitatu za mudzi wace caka cino cisanathe, alembe maina a nthawi za tsiku, a mvula, a mphepo, a nyenyezi, ndi a zaka, monga awachula kumeneko, pakuti a kunyanja sanena monga a kumapiri. Alembenso maina a amene anasesa, amene anaomba citsulo, amene anafolera nyumba ya mapemphero, amene anaphikira mphunzitsi pamene analibe mkazi. Musati, Ndidzacita caka ca mawa. Ine ndinatero ndi mai uja wa ndiwo. Anadziwa maina a mvula ambiri, iri yonse ndi nyengo yace ndi cimene munthu ayenera kucita ikagwa. Ndinati ndidzakhala nao pansi ndi pensulo, ndinazengereza dzinja limodzi, ndi linzace, kufikira m'mawa wina ndinaomba citsulo canga comwe kulalika maliro ao. Ndikumbukira maina atatu okha. Ndipo kopelo mukalemba musalitsekere m'bokosi. Muziliwerengera ana a kalasi, lide ndi manja.

Ndaona amai a kumaphikiro alikundikodola, ndipo mthunzi wa mkuyu uja wafika pa makwerero, ndiko kunena kuti nsima yapsa. Wochi yanga iti ndikali ndi mphindi zisanu, koma ndinaphunzira kale amene ndiyenera kumvera. Mawa ndi Lolemba. Bwalo lino lidzakhala lodzala makoko a nzimbe ndi mapepala, mipando yobwereka iyenera kubwerera ku sukulu ana asanalowe, ndipo miphika ikuruikuru ija eni ace aifuna yotsuka. Amene mugona konkuno, tikomane pano ndi matsace dzuwa lisanaturuke pa phiri.